Chigafa cha Agogo a Bokosi

Ndikamva fungo la nsungwi yaiwisi imene aing'amba kumene, litasakanikirana ndi la dongo lonyowa ndi utsi wa makungwa, ndimawaona agogo anga aamuna atakhala pakampando kawo pakhomo pa chigafa, nsungwi ataipana ndi mawondo, mpeni ukutsetsereka nayo mpaka kumapeto, kwinaku nkhungu ya chiperoni ikutsika m'mizere ya tiyi ngati nayonso ikufuna kudzaotha moto. Ndimamva kugogoda kwa sompho mkatimo, kuyetsemula kwa nkhalamba zimene zanunkhiza fodya wambiri, ndi mawu a anganga, akazi awo a agogowo, akukalipira munthu amene waponda dongo lawo. Anganga ankakalipa tsiku lililonse. Tsiku limene sanakalipe tinkawafunsa ngati adzuka bwino.

Dzina lawo lobadwa nalo agogo analisiya kutsidya kwa Ruo, m'dziko la Apwitikizi, kumene anathawa ali mnyamata atatopa ndi zikoti. Pa esiteti ya tiyi ku Thyolo kuno anapeza ntchito yokhoma mabokosi otumizira tiyi kunja, anthu n'kungowatcha a Bokosi, ndipo dzinalo linawakakamira mpaka kumanda. Ine ndisanabadwe, macheka a makina a m'fakitale anawadya zala ziwiri za kudzanja lamanja. Atachira anawauza kuti m'fakitale asalowenso, koma poti anali munthu wakale pantchito, anawapatsa yoluka madengu othyoleramo tiyi. Anthu akamanena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, iwo ankatukula dzanja lijalo n'kufunsa kuti, "Nanga zitatu?"

Kumapeto kwa nyumba zathu, pafupi ndi munda wa nthochi, kunali chigafa chakale chimene azungu ankasankhiramo fodya asanayambe kudzala tiyi. Chinali chachitali, cha zipupa za njerwa zolekeza m'chiuno, nsanamira za bulugamu, ndi denga la udzu lodontha mbali imodzi. Palibe amene ankachifuna kupatula mbuzi ndi mileme. Agogo anathamangitsa mbuzizo, anafolera podonthapo, n'kuyamba kulukira mmenemo pothawa dzuwa. Sanapemphe munthu, ndipo palibe anawafunsa.

Koma pamthunzi munthu sakhalapo yekha nthawi yaitali. Oyamba kufika anali anganga, amene anati akungofuna posungira mbiya zawo zosawotcha kuti nkhuku zisamaziponde, ndipo sabata isanathe anali atalanda theka la chigafacho. Kenako kunabwera nkhalamba zosema mitondo ndi zipande, zimene miyendo inali itazikanika kukwera zitunda za tiyi. Kunabwera wakhungu wina woimba bangwe wochokera kwa Mphuka, amayi osoka mphasa, anyamata okunga ng'oma za tchopa, ndi mnyamata wina wachibwibwi amene sankatha kumaliza ngakhale moni, koma akagwira khala n'kujambula munthu pachidutswa cha bokosi la tiyi, unkamuzindikira munthuyo ndi kaimidwe kake komwe. Mnyamata ameneyo atakula ankalemba zikwangwani za masitolo ku Limbe, ndipo anakwatira mkazi wolongolola woti ankalankhulira onse awiri.

Pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, njala ya fote naini itangodutsa, chigafacho chinali chitasanduka bwalo la tonsefe. Lipenga la kufakitale likalira anthu n'kuweruka, ankafika misana ili yolema, zala zitada ndi utomoni wa masamba, n'kudzigwetsa pamphasa, ndipo posakhalitsa wina ankapezeka wagwira singano ya mphasa, wina mpeni, wina wayamba kale kuyesa nyimbo. Amang'anja, amene kunja ankatinena kuti ndife obwera, ankakhala mphasa imodzi ndi ife Alomwe n'kumabwerekana mipeni. Opemphera Loweruka a ku Makwasa ankabwera Lamulungu, opemphera Lamulungu ankabwera Loweruka, osapemphera ankabwera masiku onse, motero phulusa la m'chigafa silinkazizira. Mwana wofuna kuphunzira ntchito yamanja sankafunsidwa kuti ndi wa yani. Mtsikana akamakwatiwa, mtsuko wake, lichero, mphasa ndi ng'oma zovinira zonse zinkatuluka mmenemo. Kumunda munthu anali nambala ya patikiti basi, koma m'chigafa ankamutchula dzina, n'kuitanizana kuti, "Tadzaonani chimene wapanga uyu."

Agogo sanali munthu wolankhulalankhula. Lamulo lawo linali limodzi, lakuti chimene wayamba uchimalize, ngakhale chikhale choipa ngati kadzidzi. Akatopa ndi madengu ankatola zidutswa za mitengo n'kumasema tianthu ting'onoting'ono: kalaliki ali ndi pensulo kukhutu, kapitawo atatulutsa mimba, dona atafunda ambulera dzuwa likuswa mtengo. Tianthu timeneti ankatiika pamwamba pa chipupa, ndipo eniake akatiwona ankakwiya tsiku limodzi, mawa lake n'kubwera ndi abale awo kudzawaonetsa. Koma munthu wofatsayu anali ndi mantha amodzi amene anawoloka nawo Ruo. Ali mwana, asilikali a Apwitikizi anaona ng'oma ya atate awo n'kuitenga, atabweranso anaona mbuzi n'kuzitenga, ulendo wachitatu anaona achimwene awo. Ndiye agogo ankakonda kunena kuti, "Chimene mzungu waona si chakonso." Ankanena motsitsa mawu, ngakhale panalibe mzungu pafupi.

Chilimwe chimene ndikufuna kusimbachi ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anganga anali atandipatsa dongo langalanga kwa nthawi yoyamba.

"Mkazi mnzanga," anatero, poti ndi mmene ankanditchulira, "ukufuna kundilanda mwamuna koma sudziwa kuumba ndi kamphika komwe. Adzamwera m'manja mwakomo madzi?"

Ndinaumba kamtsuko. Kanali kopendekeka ngati munthu woledzera, koma ndinakasalaza ndi chitsononkho, ndinakakhula ndi nkhulungo ya anganga mpaka kanayamba kunyezimira, n'kukalemba timizere m'khosi ndi kamtengo. Anakaika pamzere pamodzi ndi mbiya za amayi akuluakulu kuti kaume, kudikira tsiku lowotcha. Ndinkadzuka m'mamawa kukakaona ngati kagona bwino. Ndinkakakonda kamtsuko kameneko kuposa mng'ono wanga, amene nthawi imeneyo ntchito yake inali kulira kokha.

Mwezi womwewo pa esiteti panabwera manijala watsopano. Ankayenda ngati akuthamangitsidwa, ndiye anthu anamutcha Kamphepo. Lachinayi lina masana kalaliki anafika pachigafa pa njinga, osatsika n'komwe.

"A Bokosi, Loweruka m'mawa bwana akubwera kudzaona chigafachi."

"Kudzaona chani?"

"Ine andituma zomwezo, madala. Zinazo mukamva kwa eniake."

Kalaliki anapalasa njinga n'kupita. Agogo anayang'ana ng'oma, anayang'ana mitondo yosemedwa ndi mitengo ya m'nkhalango ya esiteti, anayang'ana zidutswa za mabokosi a kampani zimene zinali ndi nkhope za anthu, n'kumalizira pa kamunthu katsopano kamene anali atangokasema, ka mphuno yaitali, kaliwo kukamwa, mwendo umodzi uli m'mwamba ngati kakuthamanga.

"Tibise zonse," anatero. "Apeze mopanda kanthu. Chimene sanaone sangatenge."

"Bambo a Esitere," anatero anganga, powatchula ndi dzina la amayi anga, "mbiya zangazi zaba chani kuti zikagone kuthengo? Dongo ndakumba ndekha kudambo. Nalonso ndi la kampani?"

"Dambo lomwelo ndi la kampani. Inuyo simunaone zimene ndinaona ine."

Nkhalamba zonse zinavomera agogo, poti ambiri a iwo anachokera kutsidya komweko ndipo aliyense anali ndi chake chimene chinaonedwa n'kupita. Anganga anakalipa mpaka mawu anasasa, koma anagonja. Lachisanu anthu ataweruka tinasenza zonse kupita nazo m'munda wa nthochi: ng'oma, mphasa, mitondo, madengu, nsungwi, bangwe, tianthu tija, ndi mbiya zosawotcha zimene tinkayenda nazo monyang'ama ngati tanyamula mazira. Tinazifunditsa masamba ouma a nthochi. Kenako amayi anasesa chigafa chonse, anawola phulusa, anakolopa ngakhale madontho a dongo. Sindinaonepo anthu akugwira ntchito molimbika chonchija kuti aoneke ngati sagwira ntchito.

Loweruka m'mawa Kamphepo anafika pa njinga yamoto. Analowa, anayenda mpaka kumapeto, anagogoda nsanamira ndi ndodo, anayang'ana kudenga kumene mileme yokha ndiyo tinaiwala kubisa. Agogo anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Mzunguyo anatuluka n'kulankhula Chinyanja chake chodukaduka.

"Nyumba iyi palibe ntchito. Lolemba gwetsa. Pano nazale ya tiyi."

Njinga inalira n'kupita. Kalaliki, amene anatsala m'mbuyo, anagwira m'chiuno n'kupukusa mutu.

"Madala, mwatani kodi? Bwanatu anamva kuti madengu amalukidwa muno, nde amafuna aone ngati chigafachi chili ndi ntchito. Katundu yense uja mwapita naye kuti?"

Asanamalize n'komwe, kumwamba kunagunda. Chizimalupsa, mvula ija imabwera yosapangana ndi munthu dzinja lisanayambe, inakhuthuka ngati aitsanula mumtsuko. Tinathamangira kunthochi, koma masamba ouma angatchinge chiyani? Ng'oma tinapulumutsa, madengu ananyowa chabe, koma mbiya zosawotcha zinabwerera kumene zinachokera. Ntchito ya amayi ya mwezi wathunthu inasanduka phala lofiira likuyenderera pakati pa mitengo ya nthochi. Kamtsuko kanga ndinakazindikira ndi kachidutswa ka m'khosi kamene kanali ndi timizere tanga, nakonso kanasungunukira m'manja mwanga. Ndinalira mokweza, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinawada agogo tsiku limenelo.

Iwo anaima pamvulapo, madzi akutsika m'ndevu, n'kunena mawu awiri okha: "Ndalakwa ndine." Kenako anakakhala kuseri kwa nyumba, anakana chakudya, ndipo mpeni wawo anausiya pansi pomwe unagwera. Chimene chinatiopsa kwambiri n'chakuti anganga sanakalipe. Anangowayang'ana amuna awo nthawi yaitali, n'kutola mpeniwo, kuupukuta ndi nsalu yawo, n'kuusomeka kudenga.

Ogwetsa chigafa anali odziwika. Linali gulu la a Jailosi, kapitawo woyang'anira zokonza misewu ndi nyumba, ndipo abambo anga anali m'gulu lomwelo. Kukana sakanatha, chifukwa wokana ntchito ankachotsedwa pamalo pamodzi ndi banja lake lonse. Lamulungu m'mawa anganga anabwera kunyumba kwathu n'kukhala kuseri kwa chipupa, abambo ali mkati.

Ana a masiku ano angadabwe kuti bwanji kuseri, ndiye ndifotokoze. Kwathu mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, ndipo masiku amenewo mkamwini sankayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Akakumana nawo panjira ankapatukira kutchire, ngakhale kukhale chitedze. Sankadya iwo akuona, sankadutsa pamene akhala, ndipo akafuna kulankhulana ankadzera mwa mwana kapena kuseri kwa chipupa. Abambo anga anali munthu wamphamvu woti ankasenza yekha nsanamira, koma akamva kukhosomola kwa anganga ankasowa polowera.

"Felesiya," anatero anganga kwa ine, mokweza kuti chipupa chimve, "tawafunse abambo ako, m'gulu mwawomo muli ndani ndi ndani?"

Abambo anatchula mayina mmodzimmodzi, ndipo dzina lililonse anganga ankapinda chala n'kung'ung'udza. "Ameneyo anakwatira kwa a Nachisale. Uyo mkazi wake ndi mwana wa mnzanga wa kwa Kapichi. Uyo apongozi ake ali ndi nyamakazi, koma tiwanyamula." Atamaliza anamanga nsalu yawo ya biriwita m'chifuwa, anatenga ndodo, n'kunyamuka osanena kumene akupita. Anabwerako dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, atasenza dengu la dongo latsopano.

Lolemba kunacha bwino, nthaka ikununkhira mvula ija. Lipenga lisanalire, m'chigafa munali mutadzaza kale amayi achikulire, ena a pa esiteti pomwepo, ena ochokera kwa Kapichi ndi kwa Mphuka, mmodzi anachita kuberekedwa ndi mdzukulu wake. Anakhala pansi motsamira zipupa ndi nsanamira, miyendo atatambalala, aliyense dongo lake patsogolo, ngakhale amene sanaumbepo chibadwire. Anganga anakhala pakhomo penipeni, a Nachisale pambali pawo, ine pakati ndi dongo langa. Agogo anachita kukokeredwa pakampando kawo, ndipo anakhala chowerama ngati ali pamaliro.

Gulu la a Jailosi linatulukira ndi mapiki, nkhwangwa, zingwe ndi makwerero, likuimba nyimbo ya pantchito. Nyimboyo inayamba kuchepa, inatsala ndi anthu awiri, kenako inafa. Woyamba kutembenuka anali abambo anga, amene anaponya piki pansi n'kuyamba kuyang'anitsitsa mtengo wa nthochi ngati sanauonepo. Mnzawo anavula chipewa n'kunjuta pomwepo. Wina anabwerera chafutambuyo mpaka anagwera m'ngalande. Mphindi zochepa chabe, amuna onse amphamvu aja anali atafulatira chigafa, ali ndondondo ngati ana a sukulu amene apatsidwa chibalo.

"Mwaima chani?" anakuwa a Jailosi akuchokera kumbuyo. "Taim ikutha! Kwerani musasule udzuwo!"

Ndiye a Nachisale, apongozi awo a kapitawoyo, anakhosomola pang'ono. A Jailosi, munthu amene mawu ake ankamveka kutsidya kwa mtsinje, anaphimba kumaso ndi buku lawo, n'kunjuta kumbuyo kwa wilibala.

"Felesiya," anatero anganga, maso ali padongo, "kawauze akapitawo kuti ife sitikuletsa ntchito ya bwana. Agwetse. Angolumpha miyendo yathuyi alowe, akwere pamwamba pa mitu yathupa, asasule. Ifetu tikungoumba."

Sindinachite kupita, poti anamva onse. A Jailosi anayankha ali kumbuyo kwa wilibala komweko, mawu atawachepetsa ngati a mwana.

"Kawauze amayi kuti tamva. Koma atimvere chisoni, tikachotsedwa ntchito ana awo omwewo ndi amene adzagone ndi njala."

"Kawauze kuti ana athu anabadwa akudya asanabwere iwo."

Koma anganga anali ataiwala munthu mmodzi, kapena ife tinkaganiza choncho. M'gulumo munali Fulaye, mnyamata wa ku Ntcheu, wosakwatira, wopanda apongozi dziko lonse la Thyolo. Ameneyo anaseka, anatsamiritsa makwerero kudenga, n'kuyamba kukwera akuimba mluzu. Agogo anatseka maso. Ali pakati pa makwerero, anganga anatembenukira kwa mayi wina wamanyazi amene anakhala phee pafupi ndi nsanamira yomweyo.

"Amake Lute, kodi mnyamata uja mumati amadikirira mwana wanu kuchitsime, n'kumugulira sopo wonunkhira, si ameneyu? Tamuonani bwinobwino lero, mudziwe makhalidwe ake asanatumize ankhoswe."

Mluzu unaduka. Fulaye anatsika makwerero aja mofulumira kuposa mmene anakwerera, n'kukaima pamzere wa anzake, naye chofulatira. Amayi aja anaseka mpaka ena anagwetsa dongo, ndipo wina anayambitsa nthungululu.

Phokoso limenelo ndi limene linaitana Kamphepo. Anatsika panjinga nkhope ili psuu, anakalipira a Jailosi m'Chingerezi, anakalipira kalaliki, analoza amayi aja ndi ndodo kuti achoke. Palibe anasuntha. Kalaliki anayesa kumufotokozera za apongozi, koma mzunguyo ankangopukusa mutu, ndipo ndinamva akutchula za apolisi a kuboma. Apa kuseka kunatha. Tonse tinadziwa kuti apolisi alibe apongozi kuno.

Pamenepo ndi pamene agogo anadzuka. Anavala chipewa chawo, chimene chibadwire sanavalepo pamaso pa mzungu, n'kulowa m'munda wa nthochi. Anatulukamo atasenza ng'oma yaikulu ya tchopa n'kuiika pamapazi pa Kamphepo. Anabwereranso n'kutenga mtondo. Ulendo wachitatu abambo anga anawatsatira, kenako Fulaye, kenako gulu lonse, poti kunthochi kunalibe apongozi, ndipo posakhalitsa pabwalo panadzaza mphasa, malichero, zipande, bangwe, nkhope za makala, ndi mulu wa madengu wotalika kuposa munthu. Agogo anaima pamaso pa Kamphepo n'kuyamba kulankhula.

"Bwana, tinabisa. Ndinabisitsa ndine, chifukwa cha mantha. Chigafachi chili ndi ntchito." Anatola dengu limodzi n'kulitembenuza. "Dengu lililonse limene lili pamsana pa munthu m'munda mwanumu latuluka muno. Mvula yayamba, tiyi aphuka sabata yamawa. Mukagwetsa, masamba adzathyolera m'zipewa. Anthuwanso akaweruka amapumira muno, n'chifukwa chake sathawira kumaesiteti ena."

Kalaliki anamasulira. Kamphepo anayenda pakati pa katunduyo, kwa nthawi yoyamba mosathamanga, akugogoda ichi ndi icho. Kenako anawerama n'kutola kamunthu kaja ka mphuno yaitali ndi kaliwo, mwendo uli m'mwamba. Anakayang'ana, anayang'ana agogo, anakayang'ananso. A Jailosi anatseka maso. Mzunguyo anatulutsa kamphepo m'mphuno, kaya kunali kuseka kaya chiyani, n'kukalowetsa m'thumba la malaya ake.

Mumtima ndinati, basi, agogo ananena zoona. Koma agogo anasendera pafupi n'kutambasula dzanja lawo la zala zitatu lija, chikhatho chili m'mwamba.

"Pepani bwana, kameneko sikachoka muno. Wofuna kukaona amabwera kuno."

Kalaliki anachita mantha kumasulira, ndipo sikunafunike. Dzanja lija linakhala pamenepo, osatsika. Kamphepo anayang'ana zala zitatuzo nthawi yaitali, mwina anadziwa chimene chinadya zinazo, kenako anapisa m'thumba, anatulutsa kamunthu kaja n'kukaika m'dzanjamo.

"Chabwino," anatero akukwera njinga yake. "Gwetsa mvula ikatha."

Sindikunena kuti anali ndi mtima wabwino. Anawerengera madengu, anawerengera anthu, n'kuona kuti nazale ikhoza kukhala pena. Koma zimenezo ife sizinatikhudze. Njinga isanazimiririke n'komwe, ng'oma ija inali italira kale, amayi anadzuka dongo lili m'manja n'kuyamba kuvina, akamwini akuvinira patali chofulatira, wakhungu wa kwa Mphuka akukhwatcha bangwe ngati akufuna kudula nsambo zonse. A Jailosi analemba m'buku kuti gulu lawo lagwira ntchito pachigafa, ndipo sananame, chifukwa makwerero omwe aja anakwera nawo kukafolera denga lonse mwatsopano, amayi atatuluka. Anganga anasolola mpeni uja kudenga kwa nyumba yawo n'kudzauponya pamapazi pa agogo.

"Tolani mpeni wanu. Mbiya zanga za mwezi wathunthu munandisungunulira, nkhalamba yamantha inu. Mudzandikumbira dongo mpaka Khirisimasi."

Tonse tinapuma, poti anali atachira. Agogo anatola mpeniwo akumwetulira, n'kundikodola.

"Akazi anga aang'ono, mwandikhululukira?"

Ndinati ndiganiza kaye. Anandikhalira pambali tsiku lonse ndikuumba kamtsuko kachiwiri, ndipo kameneko kanapsa bwino, kanalira ngwee nditakagogoda. Agogo anamwera mmenemo mpaka tsiku lawo lomaliza, ngakhale kankadontha pang'ono kumbali.

Mvula inatha chaka chimenecho, palibe anabwera. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mitambo ikayera, udzu n'kuyamba kuuma, wina m'chigafa ankafunsa mwadala kuti, "A Bokosi, kodi mvula yatha?" Agogo ankatuluka panja, n'kuyang'ana kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, n'kunyowetsa chala kuyesa mphepo, n'kubwerera kudzakhala. "Sinathe," ankatero. Kamphepo anasamuka, kunabwera wina, nayenso anapita, Chitaganya chinabwera n'kutha, chigafa chili chiimire. Ana amene anaphunzirira mmenemo ena anakakhala akalipentala, ena osoka, ena oimba m'makwaya, ena anangokhala anthu odziwa kuti manja awo si othyolera tiyi okha.

Agogo anadwala m'chilimwe chotentha kwambiri, ine ndili kale ndi mwana kumsana. Anakana kugona kunyumba, anati tiwayalire mphasa m'chigafa kuti azimva sompho. Masana ena dzuwa likuswa mtengo, kunja fumbi lokhalokha, anatsekula maso n'kundifunsa chonong'ona kuti, "Akazi anga, mvula yatha?" Ndinatuluka panja monga ankachitira iwo, ndinayang'ana kumwamba ngakhale misozi sinandilole kuona kanthu, n'kubwerera. Ndinati, "Sinathe, agogo." Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera.

Lero ndine nkhalamba kuposa mmene analili anganga tsiku lija, ndipo akamwini anga amandipatsa moni wa pamanja, ena mpaka kundikhalira pampando umodzi. Kuseri kwa nyumba yanga kwa Kapichi kuli kachigafa ka malata akale kamene kalibe chitseko. Ana a m'mudzi amabwera akaweruka kusukulu, ena kuumba, ena kujambula, ena kudzangosokosa, ndipo sindiwafunsa kuti ndi a yani. Nkhulungo ya anganga ikadali yomweyo, yangochepa. Kamunthu ka mphuno yaitali kali pamwamba pa chipupa, ndipo mlendo aliyense, kaya wa galimoto kaya wa boma, timamuonetsa zonse, sitibisa kanthu. Zala zanga zayamba kuuma, ndipo ana anga akabwera kuchokera kutauni amandidandaulira kuti, "Amayi, dongoli mulisiya liti?" Ndimawayankha kuti ndisiya ndithu, asade nkhawa. Ndisiya mvula ikatha.